Chikomekome cha mkuyu: tanthauzo lake, nanga pa Chingerezi tingati chiyani?

Wa Fomu 4, Kawale: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" umatanthauzanji kwenikweni? Nanga lilipo liwu limodzi la Chingerezi loti ndingaike m'chimangirizo cha MSCE?

Mayi wa ku Mitundu: Mwanawe, katole nkhuyu yakupsa. Kunja psuu, yochititsa mkamwa dovu, koma ukaing'amba pakati upeza tizilombo tili piringupiringu. Maluwa a mkuyu amakhala m'kati mwa chipatsocho, ndiye tizilombo touluka timalowera pa kabowo ka kunsonga kukabereketsa. Nyerere zimachita kutsatira kutsekemera. Mwambiwu amauponyera wofuna banja, wogula mbuzi pamsika, aliyense wotengeka ndi maonekedwe.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Area 18: Mayi alongosola bwino. Liwu loyandikira ndi *specious*, lochokera ku Chilatini *speciosus*, chinthu chokongola pochiona. Koma samala mwana wanga: masiku ano limayenda ndi mfundo kapena chifukwa chomveka chanzeru pomwe m'kati n'chabodza, monga *a specious argument*. Mbuzi kapena nkhuyu sungaitche choncho. Pamenepo nena *deceptive*. Usalisokonezenso ndi *spacious*, lonena za malo otakasuka. Chilembo chimodzi chokha, malikisi apita.

Wa Fomu 4, Kawale: Zikomo aphunzitsi. Nanga *superficial*?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Area 18: Iyayi. Limenelo likunena chinthu chapamwambamwamba, chosazama. Nkhuyu ija siyopanda kanthu m'kati, muli choipa chobisika.

Mkonzi wa zolemba, Area 47: Ndionjezepo za njira. Kuloweza liwu palokha n'kutunga madzi m'dengu, mng'ono wanga. Gwira muzu wake. Mu *specious* muzu ndi *spec*, kuona. Womwewo uli mu *inspect*, kuyang'anitsitsa m'kati. *Spectator*, woonerera mpira ku Bingu Stadium. *Retrospect*, kucheukira zakale. *Conspicuous*, choonekera patali. Tenga kope, tsamba lililonse muzu umodzi, mawu 5 basi. Liwu lililonse ulilembere chiganizo chako cha zinthu za pakhomo, ndi mnzake amene limakonda kuyenda naye. Ubwerezenso mawa lake, pakatha masiku 3, kenako 7. Pomwe ambiri amagwa mpongoyang'ana kalembedwe: *speck*, kadontho, likuoneka ngati la banja lomweli koma si mbale wawo. Tsimikiza mu dikishonale yosonyeza kochokera mawu. Ukafunse ku National Library ku City Centre.