Kodi lokidauni ija inachepetsadi umbava ku Joni?

Mphwanga wa ku Ndirande:
Abale amene munali ku Joni 2020 tatiweruzani apa. Achimwene anga akuti nthawi ya lokidauni ya korona ya Ramaphosa ija umbava unatheratu, ine ndikuti wakuba sapita ku holide. Zoona zake ndi ziti?

Bambo a Chisomo:
Achimwene anuwo sakunama kwenikweni. Kuyambira pa 27 Malichi aliyense anali m'nyumba, asilikali ali mbwee mumsewu, mashabini otseka, ndiye tsotsi akanatchingira ndani poti ngakhale pokwerera mataxi panali zii. Bheki Cele, nduna ya apolisi nthawi imeneyo, ananena kuti kuyambira Epulo mpaka Juni kuphana kunatsika ndi pafupifupi 36 peresenti poyerekeza ndi chaka cha 2019. Kwambiri kunali kuletsa kugulitsa mowa, anthu kuno ku Joni amabayana akaledzera. Atangoulola pa 1 Juni zipatala zinadzazanso ndi ovulala mpaka anauletsanso pa 12 Julaye.

Nachisale:
Kutsika kunatsikadi bambo a Chisomo koma musaiwale kuti akubawo anangosintha kolowera. Masukulu oposa 1,500 anathyoledwa, kuba makompyuta mpaka chakudya cha ana chomwe, ku Cape Town anthu kuswa mashopu a mowa dzuwa likuswa mtengo. Nanga fodya? Analetsa mpaka Ogasiti koma palibe anasiya kusuta, umangofika pa spaza (kaokala) kutsinzinira diso mwini wake iye n'kusolola paketi pansi pa kauntala, dzina lake losadziwika mtengo wake wowawa, ndipo bizinesi yozembetsa ija inakhwima pomwepo. Komanso mawerengero a apolisiwo ndi a milandu yokhayo yomwe anthu akanena. Mayi amene watsekeredwa m'chipinda chimodzi ndi mwamuna womumenya, mwamunayo ntchito yamuthera, atuluka bwanji kukadandaula?

Che Jafali:
Ine chimandiwawa n'choti anthu wamba ndi amene anasanduka zigawenga. Pofika Meyi anali atagwira anthu oposa 200,000 chifukwa chophwanya malamulo a lokidauni basi, wina wangotuluka kukasaka ganyu. Collins Khosa wa ku Alexandra anafa asilikali atamumenya pakhomo pake penipeni, nkhani yake mowa.

Mphwanga wa ku Ndirande:
Eee zinalipo kumeneko. Kuno ku Malawi a Mutharika analengeza ya masiku 21 yoyamba pa 18 Epulo koma mavenda anakwiya, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC n'kukatenga chiletso ku khothi, ndiye sitinaione. Che Jafali, ogwidwawo ankawatsekera kapena ankangolipira faindi?