Ndimapanga mawebusayiti, koma makasitomala angondisandutsa woyankha inbox. Ndiziwalipiritsa bwanji?

Membala wobisa dzina

Admin ndibiseni dzina, chifukwa ena mwa makasitomala anga ali m'gulu lomwe lino.

Moni nonse abale. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera kuti mundiunikire. Ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndakhala ndikupangira anthu mawebusayiti kuyambira 2021. Ofesi yanga ndi tebulo la pabalaza ndi laputopu imodzi, magetsi akazima ndimathawira kwa mnzanga amene ali ndi sola. Ndimagwiritsa ntchito WordPress ndi Elementor, mapulogalamu opangira mawebusayiti. Makasitomala anga si akuluakulu ayi: sukulu ya mkaka imodzi, shopu ya zida za galimoto ku Biwi, loji ina ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, kabungwe kena kothandiza atsikana, ndi ena ochepa. Onse pamodzi alipo asanu ndi anayi.

Cholakwa changa choyamba ndikuchidziwa. Poyamba ndinkangotchula mtengo umodzi, K350,000, n'kunena kuti "zonse zili momwemo". Sindinkawafotokozera kuti domain (dzina la webusayiti pa intaneti) ndi hosting (malo amene webusayitiyo imasungidwa) zili ngati lendi ya nyumba, zimafunika kulipiridwa chaka ndi chaka, ndipo ine ndimazilipira m'madola. Kenako mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola ya ku banki inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Nthawi yolipira itakwana ndinawatumizira uthenga, ndipo yankho linali limodzi ngati anapangana: "Paja tinalipira kale?" Atatu mwa iwo ndakhala ndikuwalipirira ndi ndalama za m'thumba mwanga zaka ziwiri tsopano, chifukwa cha manyazi basi, poopa kuti webusayiti ikazima azidzati mnyamata uja anatibera. Komanso kuti khadi langa lilole kulipira kunja, mwezi wina zimatheka, mwezi wina ayi.

Koma chimene chandibweretsa kwenikweni ndi ichi. Mayi a ku loji aja anandiuza mosapsatira mawu kuti webusayiti ndi yokongola, koma sanaonepo mlendo wonena kuti wawapeza kudzera pamenepo, onse amabwera pa WhatsApp kapena pa Facebook. Ndinafuna kutsutsa koma ndinasowa chonena. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndiye ukawatumizira linki ya webusayiti siitseguka n'komwe. Mayiwo anandipempha kuti ndiziwaikirako zithunzi pa tsamba lawo la Facebook "ukakhala ndi mpata". Ndinavomera. Lero ndikuyendetsa masamba anayi. Ndimapanga zithunzi pa Canva, kulemba mawu, kuyankha ndemanga, ndipo cha m'ma 11 koloko usiku ndimakhala ndikuyankha munthu amene wangolemba kuti "zingati?" pansi pa chithunzi chimene mtengo wake walembedwa kale ndi zilembo zikuluzikulu. Mmodzi yekha amandipatsa K30,000 pamwezi. Enawo amati "tikuganizirani", n'kunditumizira mayunitsi a K2,000.

Ndiye mafunso anga: inu amene mumachita geni imeneyi, mumalipiritsa bwanji ntchito ya pa Facebook ndi WhatsApp? Kodi ndisiye za mawebusayitizi n'kulimbikira zimene anthu akufunazo? Nanga za boost, kulipira Facebook kuti positi ionedwe ndi anthu ambiri, mumatani, poti nazonso zimadya madola?

Mayi wa ku Blantyre, wa ntchito yomweyi

Achimwene, nkhani yanuyi ndaiwerenga ndikuseka chifukwa ndi yanga ya kale. Vuto si Facebook. Vuto n'lakuti mukugulitsa zinthu zitatu zosiyana pa mtengo wa chinthu chimodzi.

Kumanga webusayiti ndi ntchito imodzi, imakhala ndi poyambira ndi pothera. Ine ndimatenga theka la ndalama ndisanatsegule n'komwe laputopu, theka linalo ndisanaiyatse kuti anthu aione. Kuisamalira ndi ntchito yachiwiri, ya pachaka: domain, hosting, kukonza ma plugin (timapulogalamu towonjezera pa webusayiti) akafuna update, kusunga backup. Imeneyi ndimailemba pa pepala lake, ndipo ndimalemba momveka kuti mtengo wake udzawerengedwa mu kwacha potengera mmene dola ikugulitsidwira ku banki tsiku lotulutsa invoice. Ndimatumiza invoice kutatsala mwezi wathunthu. Wosalipira ndimamuchenjeza kawiri, kachitatu webusayiti imazima yokha. Mudzadabwa mmene ndalama imapezekera msanga imelo ya abwana, imene imadalira domain yomweyo, ikasiya kulandira makalata.

Yachitatu ndi imene ikukusowetsani tuloyo. Musamagulitse "kuyendetsa tsamba", mawu amenewo alibe malire. Gulitsani chiwerengero. Mwachitsanzo mapositi 12 pamwezi, zithunzi atumize okha pofika tsiku lakuti, kusintha kamodzi kokha pa positi iliyonse. Mukatero, khalani pansi Lolemba m'mawa, pangani za sabata yonse, ziikeni mu Meta Business Suite kuti zizituluka zokha pa Facebook ndi pa Instagram pa nthawi imene mwasankha. N'zaulere zimenezo. Masamba anayi mukhoza kuthana nawo dzuwa lisanafike paliwombo.

Inbox musaikhudze. Inu simudziwa ngati chipinda cha nambala 4 chili ndi munthu Loweruka, kapena ngati shock ya Toyota Sienta ilipo m'shopu. Tsiku lina mudzayankha molakwika ndipo mlandu udzakhala wanu.

Wofunsa

Zikomo kwambiri achemwali. Koma inbox ndikaisiya, eni akewo amatha masiku awiri osayankha, kenako n'kumati tsamba silikubweretsa malonda.

Mayi wa ku Blantyre

Aikireni WhatsApp Business pa foni ya pamalopo, osati pa yanu. Lowetsani katundu ndi mitengo mu katalogu, ikani uthenga wolonjera ndi wa nthawi yoweruka, kenako akonzereni mayankho okhazikika kuti wa pa kauntala akangolemba chizindikiro cha / azisankha: mitengo, kumene tili, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Nambala imodziyo mukhoza kuilumikizanso ku zipangizo zina zinayi, ndiye bwana aziona zimene wantchito akuyankha. Batani la pa tsamba la Facebook lizipita ku WhatsApp imeneyo. Kuwaphunzitsa zonsezi ndi ntchitonso, ine ndimalipiritsa ngati tsiku limodzi.

Membala wa ku Ndirande

Aise, wasanduka mlonda wa usiku wolipidwa mayunitsi 😂 Ngakhale alonda eniake amawapatsako tochi ndi jasi.

Bambo wogulitsa zipangizo za ulimi ku Kasungu

Mwana wanga, ndilankhuleko ngati kasitomala, poti onse akuyankhawa ndi anzako a makompyuta. Ife sitikana kulipira. Timakana kulipira chinthu chimene sitikuchiona. Feteleza ndikagula ndimamuona m'nkhokwe. Hosting yakoyo ndimaiona kuti? Mnyamata wina anandipangira webusayiti zaka zapitazo, anatenga ndalama, kenako anapita ku Joni ndipo foni yake inasiya kugwira. Chaka chitatha webusayiti inazima. Nditapeza wina kuti aidzutse, anandiuza kuti domain inalembedwa m'dzina la mnyamata uja, imelo yake, pasiwedi yake. Dzina la bizinesi yanga, lolembedwa pa chikwangwani ndi pa galimoto, silinali langa. Ndinachita kugula lina n'kupentanso chikwangwani.

Ndiye ukamadandaula kuti sakukukhulupirira, dziwa kuti ena tinalumidwapo. Lembetsa domain m'dzina la mwini bizinesi, mupatse pepala la mapasiwedi asunge m'kabati. Ndipo kumapeto kwa mwezi muonetse kanthu: anthu angati anatumiza uthenga, angati anaimba foni. Za ma like usandiuze, like sagula mbewu.

Wofunsa

Bambo, mwandigwira pakhosi. Ma domain onse asanu ndi anayi ali pa akaunti yanga. Sindinaganizepo kuti nditadwala kapena laputopu itabedwa anthuwa angatani.

Membala wokhala ku Johannesburg

Bambo a ku Kasungu akunena zoona, ndipo n'chimodzimodzi ndi masamba a Facebook. Osapempha pasiwedi ya munthu. Mwini wake akhale ndi ulamuliro wonse pa tsambalo, iwe angokuwonjezera ndi akaunti yako kuti uziposita. Nonse muyatse chitetezo chija chofuna nambala yachiwiri polowa. Masamba ambiri amabedwa ndi mauthenga abodza onamizira kuti achokera ku Meta, kampani ya Facebook, oti tsamba lanu litsekedwa mukapanda kudina apa. Mwini shopu akadina, zatha.

Za kusiya mawebusayiti, ine ndikuti ayi. Amene munali pa intaneti pa 4 Okutobala 2021 mukukumbuka kuti Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Tsamba la Facebook ndi benchi ya mumsika wa eni ake. Koma si kasitomala aliyense amene akufunika webusayiti yofanana. Wa zida za galimoto ku Biwi, kunena zoona, katalogu ya WhatsApp ndi Google Business Profile zimukwanira, kuti munthu akasaka pa Google Maps aone malo, nthawi yotsegula ndi nambala. Loji ndi nkhani ina. Mzungu kapena m'Malawi wa kunja kuno akafuna kogona ku Senga Bay amayamba ndi Google, amaona zithunzi pa webusayiti, kenako ndi pamene amadina batani la WhatsApp. Mayiwo amangoona uthenga wafika pa WhatsApp, sadziwa kumene munthuyo wadzera. Ika pa webusayitipo linki ya wa.me, yotsegula WhatsApp yawo, yokhala ndi mawu olembedwa kale, monga "Moni, ndakupezani pa webusayiti yanu". Pakatha mwezi adziwerengera okha.

Komanso uone kulemera kwa mawebusayiti ako. Elementor yodzaza zithunzi za mamegabaiti asanu chilichonse, pa netiweki ya kumudzi munthu amatopa n'kutseka. Zithunzizo zichepetse, zisinthe zikhale WebP, mtundu wa zithunzi wopepuka.

Membala wa ku Mzuzu

Ine ndisiyana nanu pang'ono. Mukumuuza mnyamatayu kuti azilemba mapepala ngati kampani ya ku City Centre, pamene makasitomala ake ndi a sukulu ya mkaka. Ukawabweretsera mgwirizano wa masamba atatu athawa. Uthenga wa pa WhatsApp wolongosola zimene mwagwirizana, iye n'kuyankha kuti "ndavomera", ndi poyambira pabwino. Ndipo bwanji mukulimbana ndi madola? Alipo makampani a konkuno amene amagulitsa hosting mu kwacha, umalipira ndi foni. Domain ya .mw nayonso ilipo, imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP. Yerekezani mitengo ndi mmene amathandizira zinthu zikavuta, kenako musankhe.

Mayi wa ku Blantyre

Tsamba limodzi la pepala likwanira, sindinanene atatu. Koma zomagwirizana pa WhatsApp ndinasiya kuyambira pamene kasitomala wina anayatsa mauthenga ozimiririka okha.

Membala wogwira ntchito m'bungwe lina ku Zomba

Palibe amene wanenapo za kabungwe ka atsikana kaja, pamene ndi komwe kuli ndalama yeniyeni. Mabungwe ang'onoang'ono akamapempha thandizo kwa madona, webusayiti ndi imelo yokhala ndi dzina la bungwe zimawaonetsa kuti ndi anthu okhazikika, kusiyana ndi kulemba kalata yopempha mamiliyoni kuchokera pa Gmail. Amenewo sangakufunseni kuti webusayiti ndi ya chiyani. Koma ife a ku akaunti sitingakulipireni pa nambala yanu ya foni. Lembetsani bizinesi ku boma, tengani TPIN (nambala yolipirira msonkho) ku MRA, tsegulani akaunti ya bizinesi ku banki, ndipo potchula mtengo muzikumbukira kuti tidzadulapo withholding tax, msonkho umene timadula tisanakulipireni. Ambiri amalira akaona cheke chachepa.

Za boost: ndalama yotsatsira malonda si yanu. Kasitomala aike khadi lake, kapena akupatseni ndalamayo pasadakhale, padera ndi malipiro anu. Ndipo musamangodina batani la boost n'kusiya dziko lonse. Sukulu ya mkaka ya ku Area 25 ikuonetsedwa kwa anthu a ku Nsanje kuti atani? Sankhani dera lozungulira pomwepo.

Wofunsa

Abale, ndathokoza. Ndalemba zonse m'kope. Ndayamba kale kusamutsa domain ya sukulu ija kuti ikhale pa imelo ya ahedi, ndipo mawa ndipita ku Biwi kukaika WhatsApp Business pa foni ya m'shopu. Atatu aja ndiwalembera usiku uno kuti chaka chino alipira okha, za zaka ziwiri zapitazo ndangoziiwala.

Chatsala chimodzi chimene sindinanene poyamba. Mayi a ku loji aja ndi azakhali a mkazi wanga, ndipo ndi amene anatigulira ng'ombe pa ukwati wathu. Invoice ya mapositi 12 ndikaipereke bwanji kumeneko?

Bambo wa ku Kasungu

Haa, imeneyo si ya pa WhatsApp mwana wanga. Kwera minibasi ya ku Salima Loweruka, mutengane ndi akazi ako, unyamule shuga ndi buledi. Ukakafika usakayambe ndi ndalama. Ukawauze kuti ntchito yakuchulukira ndipo ukuopa kuwakhumudwitsa, ndiye wabwera kudzaphunzitsa mtsikana wa pa risepishoni kuti aziyankha yekha alendo. Za malipiro azakhaliwo akazitchula okha mukamadya chambo. Akakapanda kutchula, mkazi wako akudziwa poyambira.

Membala wa ku Ndirande

Ukabwerako utiuze ngati ng'ombe ija sanaitchule 😂