Nyumba njawo, malo nga eni: thandizo la lendi ya malo lingachokere kuti?

WakuBangula

Akuluakulu ndi amayi nonse, ndithandizeni nzeru. Chichitikireni madzi a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023, mabanja ambiri ochokera kumadambo akukhala kumtunda pamalo a eni. Zidina anaumba okha, malata ndi omwe anawapulumutsa, ndiye nyumba njawo, koma nthaka nja wina ndipo amalipira lendi. Pali agogo ena olera zidzukulu zinayi, lendi yawunjikana miyezi 8, mwini malo akuti asasule azipita. Kodi lilipo thumba la boma kapena la mabungwe lolipirira lendi yotere? Ndinamva kuti ku America boma limathandiza anthu okhala m'nyumba zochita kukoka ndi galimoto, zomwe nazonso zimakhala pamalo a lendi. Nanga agogowa atachotsedwa, nyumbayo ikhala ya ndani?

Mai_a_Komiti_Ngabu

Achimwene, musawapatse agogowo chiyembekezo choti kuboma kuli ofesi yolipira lendi, akangotha ndalama ya kabaza. Thandizo lomwe lilipo limabwera m'dzina lina, banja n'kumapatulapo lokha ya mwini malo.

Loyamba ndi Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imayendetsedwa ndi ofesi ya Social Welfare. Cholinga chake ndi mabanja ovutikitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena wamphamvuyo ndi mmodzi koma akusenza anthu oposa atatu. Agogo olera zidzukulu zinayi ndi omwewo. Ndalama zimakwera malinga ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo, ndipo pamakhala kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Palibe amakuletsani kulipirako lendi. Chovuta n'chakuti simulowa tsiku lomwe mwafuna: mayina amatengedwa m'kaundula wa boma wa mabanja wotchedwa UBR nthawi yosankha ikakwana.

Apa ndi pomwe anthu osamuka amagwera. Dzina linalembedwa kumudzi wakale kutsidya, munthu ali ku Bangula, olemba akafika kumudziko samupeza, kuno nakonso nyakwawa amamuyesa mlendo wongodikira madzi aphwe. Chochita: agogowo atenge chiphaso cha unzika, apite kwa nyakwawa wa pomwe akukhala awalembe ngati anthu a m'mudzimo, kenako akawonekere kukomiti ya Mtukula Pakhomo ya m'deralo ifufuze ngati dzina lilipo komanso lili mudzi uti. Ngati ankalandira kale, anene za kusamukako msanga, asangosowa. Komwe amalandirira pafoni, simu ikhale ya dzina lawo. Ambiri alira chifukwa nambala yachinsinsi anapatsa mdzukulu wa zaka 17.

Pakhomo pakakhala wamphamvu, njira ndi Mbwezera Chilengedwe, ntchito zokumba migula, kutseka zigwembe ndi kudzala mitengo. Miyezi ya njala kumabweranso chimanga cha DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, thumba la makilogalamu 50 pabanja pamwezi, kapena ndalama m'malo mwake. Silendi ayi, koma yomwe ikadagula ufa imatsala. Chenjezo limodzi: malipiro a zonsezi amatha kuchedwa n'kubwera pamodzi, ndiye musalonjeze mwini malo tsiku lenileni potengera izi. Muuzeni kuti zikangotuluka alandira.

Mlembi_wa_Gulupu

Mayi anena bwino za ndalama. Ine ndikhale pa funso lachiwirilo, chifukwa lendi ya miyezi 8 njochepa poyerekeza ndi chomwe agogowo angataye.

Nyumba ya zidina sisamuka. Mukasasula mumatola malata, mitengo ya denga, zitseko ndi mafelemu. Khoma, pansi pozira, chimbudzi ndi mitengo ya nimu yomwe munadzala zimatsalira mwini nthaka. Mwini malo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake chaka chachiwiri lendi imakwera: akudziwa kuti simuthawa. Mankhwala ake ndi chikalata, ndipo ngakhale pano sikunade kulemba.

Pitani kwa nyakwawa nonse awiri, mulembe mapepala atatu ofanana, limodzi la agogo, lina la mwini malo, lachitatu likhale kwa mfumu ndi chidindo chake. Mulembemo malire, poyeza ndi chingwe osati kungoloza ndi dzanja, ndipo mutchule zizindikiro zosasuntha monga mlambe kapena chulu. Mulembe ndalama yake, mwezi wolipira, zaka za panganolo, ndi kuti lendi singakwere chaka chili pakati. Mulembe momveka kuti nyumba ndi zonse za padenga nza wolipira lendi, ndipo akachoka ali ndi ufulu wosasula kapena kugulitsa kwa mwini malo pamtengo womwe anthu atatu osankhidwa mbali zonse agwirizane. Muikemo chidziwitso cha miyezi itatu kapena kuposa, ndi kuti palibe kuchotsana pakati pa Disembala ndi Malichi. Kusasula denga mvula ili pamutu ndiko kusungunula nyumba.

Mboni ndi zomwe anthu amalakwitsa kwambiri. Amaitana anzawo a kutchalitchi, kusiya eni mbumba. Malo a makolo sakhala a munthu mmodzi. Kwa Amang'anja, mwinimbumba ndi alongo a mwini maloyo adinde chala. Kwa Asena, abale ake aamuna ndi mwana wamkulu. Apo ayi, mwini malo akadzamwalira ana amadzanena kuti bambo ankangomusunga mlendoyu mwachisoni. Kwinanso wolipirayo amayesa kuti ndalama yoyamba ija anagula nayo malo, pomwe mwini ankaiwerenga ngati chothokoza. Mawu oti "lendi" alembedwe, asasiyidwe m'mitima.

Polipira pakhale kope la sukulu losungira izi zokha: tsiku, ndalama, chala cha wolandira. Mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, koperani nambala ya uthengawo m'kopemo, poti foni zimatayika, zina zimagwera m'madzi.

Mwini malo akayamba kuzula chitseko kapena kutenga malata kuti ndi chikole, kumeneko n'kudzigamulira mlandu yekha. Nkhani ipite kwa nyakwawa, ikakanika kwa gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu. Pakakhala kuopsezana, kupolisi kuli Victim Support Unit, ndipo a Legal Aid Bureau ntchito yawo n'kuthandiza osauka omwe sangathe kulipira loya. Koma ngongoleyo agogo asaikane. Wovomera ngongole pamaso pa mfumu amapatsidwa nthawi. Wokana amataya ndi chisoni cha bwalo chomwe.

Zikafika posasula ndithu, lembani manambala ndi makala pa malata musanazule, kuti pokhomanso misomali ilowe m'mabowo akale. Pozula ikani kathabwa pansi pa hamala. Malata opyapyala a geji 32 amang'ambika pabowo mukakoka mwaukali, ndipo lata long'ambika ladontha basi.

MphunzitsiNchalo

Za ku America zija munamva zoona, koma zili ndi malire ake. Nyumba zimenezo amazipanga kufakitale n'kuzikokera pamalo a munthu kapena kampani, pomwe pamakhala nyumba zambirimbiri. Wokhalamo nthawi zambiri nyumba njake, koma mwezi ndi mwezi amalipira kamalo komwe yakhalapo. Thandizo lalikulu ndi la Section 8, lochokera ku unduna wa zanyumba wa HUD kudzera m'maofesi a nyumba a m'madera. Banja limapereka pafupifupi 30 pa 100 ya zomwe limapeza, boma n'kuwonjezera yotsalayo mpaka pa mlingo woikika, ndipo ndalamayo imapita kwa mwini malo. Ofesi ya dera ndi yomwe imasankha ngati ilole thandizoli kugwira pa lendi ya malo, ndipo mndandanda wodikira umatha zaka, kwina amachita kuutseka. Wopanikizika lero amaimba 211 kuti amulozere mipingo ndi mabungwe othandiza kamodzi, ndipo pulogalamu ina ya boma yotchedwa LIHEAP imapepuza bilu ya magetsi ndi zotenthetsera nyumba.

Amazitcha nyumba zoyenda, koma dzina lokha ndilo loyenda. Kusamutsa nyumba yotere kumadya madola masauzande, yakale imatha kuphwasukira pamsewu, ndiye lendi ikakwera anthu amangopirira kapena kuisiya. Msampha wake ndi womwe afotokoza a Mlembiwu.

Chomwe ndikuona kuti tingatolepo si Section 8, poti kuno kulibe. Ndi zomwe zinayambira ku Meredith m'chigawo cha New Hampshire mu 1984, pomwe okhala pamalo otere anapanga kopaletivu n'kugula nthaka yonse ndi ngongole, ndipo mu 2008 kunabadwa bungwe la ROC USA lofalitsa njirayi. Ngati pamalo a munthu mmodzi pali mabanja 10, asamakambirane naye mmodzimmodzi usiku. Apite pamodzi, mtengo ukhale umodzi, chikalata chimodzi.

Msungichuma_Tengani

Tiwerengere, manambalawa ngongoyerekeza. Lendi ikhale K6,000 pamwezi, miyezi 8 ndi K48,000. Kubanki mkhonde ya chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, mukabweza pakatha miyezi itatu mwawonjezera K28,800, zonse K76,800, lendi yatsopano ikuwerengabe. Kwa akatapila a 50 pa 100, mwezi umodzi wokha yafika K72,000. Ngongole ya gulu nja geni yobweza yokha, monga tomato kapena usipa. Lendi sibereka.

Chanzeru n'kugawa ngongoleyo: K6,000 ya mweziwo ndi K4,000 ya m'mbuyo, pa miyezi 12 yatha popanda chiwongoladzanja. Eni malo ambiri amavomera mukafika ndi kenakake m'manja tsiku lokambiranalo, ngakhale nkhuku ziwiri.

Gulu limathandiza mwanjira ina. Masheya a K1,500 pasabata amakwana K78,000 pachaka, kuposa lendi ya K72,000, phindu lisanawerengedwe. Ndiye mwezi wolipira lendi ugwirizane ndi mwezi wogawana, kapena ndi nthawi yomwe banjalo limagwira ndalama: a thonje ndi chitowe cha m'ma Juni, a kudimba cha m'ma Seputembala ndi Okutobala, odula nzimbe isanatseke sizoni. Kuika lendi mu Febuluwale n'kupempha mkangano.

Olipira ndi mapira kapena chimanga asamale. Chikalata chinene kuti ndi thumba la makilogalamu angati ndipo liperekedwa mwezi uti. Mukangolemba "thumba limodzi", mwini malo adzalifuna mu Januwale mtengo uli kumwamba, osati pokolola.

Mai_a_Komiti_Ngabu

A Msungichuma, K1,500 pasabata agogo opanda wowagwirira ganyu aitenga kuti? Kwa iwowa ndi thumba la zadzidzidzi la gulu, lomwe magulu ambiri amapereka popanda chiwongoladzanja, ndi madikoni kapena amayi a chigwirizano kumpingo kwawo. Akapemphe chinthu chodziwika, miyezi iwiri ya lendi, ndipo ndalamayo ikaperekedwe kwa mwini malo pamaso pa mboni.

Komanso lendi isakhale ya muyaya. Pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, komwe makomiti a malo anakhazikitsidwa, wapampando amakhala gulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu mwa iwo ndi amayi. Ku Chikwawa ntchito yolembetsa malo yayenda limodzi ndi pulojekiti ya ngalande yochokera ku Kapichira. Agogowo alembetse pempho la malo awoawo okhala kumtunda, ndipo komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi iwachitire umboni kuti kwawo kunakokoloka.

WakuBangula

Takhuta nonse. Tiyamba ndi kwa anyakwawa Loweruka, titenga chiphaso, kope latsopano ndi chingwe choyezera. A Mlembi, mwini maloyo ndi Msena ndipo mwana wake wamkulu ali ku Blantyre: kuvomera pafoni mfumu ikumva kukwanira, kapena tidikire abwere adzadinde yekha?

Mlembi_wa_Gulupu

Lembani Loweruka lomwelo, musadikire. Aimbidwe foni onse akumva, mfumu ilembe tsiku ndi zomwe wayankha, musiye mzere wopanda kanthu pansi pa mapepala onse atatu. Akadzabwera adzadinde pamenepo, ndipo pakadali pano adinde mng'ono wa mwini maloyo.