316L ikuchepa ikagona, ndaononga zinayi kale

Bambo a Tadala (Dedza boma): Akuluakulu thandizeni msanga. Anyamata ena aku Lilongwe akupanga kachipangizo kogawira oxygen kwa ana akhanda, kakadali koyeserera, ndiye andipatsa ma fitting 10 a sitenilesi ya 316L, diameter 30 mm plus minus 0.01, bowo lapakati 10 mm H7 (malire a kukula kwa bowolo). Ndikayeza pa lathe (makina osemera zitsulo) micrometer ikuti 30.00 ndendende koma kukacha mmawa 29.98. Zinayi zapita kale, bar anachita kuitanitsa ku Johannesburg yatsala pang'ono ndipo akufuna katundu Lachisanu. Insert (kampeni kodulira) nayo ikungolira nkumatha msanga, mutu waima ine

Ngozo (Ntcheu): Achimwene mukuyeza chili chamoto. Sitenilesi imafufuma pafupifupi 0.016 mm pa mita pa digiri imodzi, ndiye 30 mm ikatentha ndi madigiri 40 ndi 0.019, si 0.02 yanu ija imeneyo? Miyeso ya pa drawing ndi ya pa madigiri 20, inu mukudula masana nkukayeza mmawa ndi chisanu cha Dedza cha June. Pa roughing (kudula koyamba) siyani 0.3 mm, chizizire mpaka chifanane ndi micrometer, kenako finish ndi coolant wambiri.

Madala Jere (Lizulu): Ma bearing a spindle (shaft yozunguza chitsulo pa lathe) anatha amenewo. Ikani dial (choyezera kugwedera) muone.

Bambo a Tadala: Madala dial ndinaika, runout (kugwedera kwa spindle ikamazungulira) ili bwinobwino

Che Yusufu: Za insert zo, mukuopa ndiye mukupala pang'onopang'ono eti? 316 sifuna kusisitidwa, imalimba pamwamba pomwepo ndiye pass yotsatira mukudula chikopa cholimba. Tsitsani spidi, fidi isachepe. Ine chaka chatha magetsi anazima tool ili mkati mwa shaft ya chigayo, insert inathyokera momwemo, ndinagona ku shopu masiku awiri kudikira kuti ayake ndipo mwini chigayo anandidula ndalama ngati ndinazimitsa ndine

Madala Jere: Ndagwira lathe zaka 30 ana inu. Bearing ikamatha imayamba chonchi.

Mai a Chisomo: Ine ndimakonza zipangizo zakuchipatala, 0.02 yo sikundiopsa ngati mafuta. Oxygen ikakumana ndi oyilo kapena girisi ndi moto abale, ndiye cutting oil yotsalira mu thread ndi mu bowo lija ichoke yense, osangopukuta ndi sanza. Muwauze anyamatawo polemba kuti simunapange oxygen cleaning, asakaike pa mwana. Ngakhale Pumani, CPAP (makina othandiza ana kupuma) ija anapanga a Rice University ndi aku Queens ku Blantyre, inayamba choyeserera chonchi koma inayesedwa kaye. Komanso mufunse certificate ya bar yo, sitenilesi ya 304 ndi ya 316 simungazisiyanitse ndi maginito.

Che Yusufu: Zoona mayi. Ndipo fayilo kapena waya burashi yomwe munagwiritsa pa mild steel isayandikire, tizitsulo timakanirira pamwamba. Mnzanga anapanga tima handle tokongola, titangolowa mu autoclave (makina ophera majeremusi ndi nthunzi) kawiri madontho a dzimbiri mbwee, onse anabwezedwa. Pakufunika passivation (kutsuka ndi asidi kuti tizitsuloto tichoke), ena amagwiritsa citric acid

Ngozo: Nanga H7 yo mukuyeza ndi chani? Pa 10 mm ndi 10.000 mpaka 10.015 basi, vernier singaone zimenezo. Popanda plug gauge (kachitsulo koyezera kukula kwa bowo) mukungoganizira, ndipo reamer (chosalazira bowo) yobuntha mu 316 imaononga muyeso wa bowo.

Madala Jere: Runout ya makina ozizira siuza kanthu. Ayende ola limodzi kenako ikani dial. Ndi bearing.

Bambo a Tadala: Plug gauge ndilibe, ndimayesera ndi pin yomwe anandipatsa. Ndiyesa zoziziritsazo usiku uno magetsi akakhalapo

Kamwendo (Tsangano turn off): Pepani kulowerera, alipo ali ndi reamer ya 12 andibwereke? Ndiitumizira kondakitala wa minibasi mawa