Sitata ya boti ikungoti "tcha": ndigule ina?

Wa boti, Bangula:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Injini yanga ndi Yamaha ya mahosipawa 40, yolizira kiyi, ndipo ndimawolotsera anthu opita ku Makhanga. Kuyambira Lachiwiri, ndikatembenuza kiyi nthawi zina ikungoti "tcha" kamodzi, basi zii. Dzulo inandithimira pakati pa Shire ndili ndi amayi awiri ndi matumba a chimanga, madzi akutikokera mu namasupuni. Tinatuluka ndi nkhafi. Wina ku Limbe ali ndi sitata yogwirapo kale ntchito yochokera ku Joni, koma mtengo wake ngofuna kugulitsa mbuzi. Ndigule?

Mayi wa geni ya nsomba, Nsanje:
Gulani achimwene. Ife okwerafe mtima umakhala m'mwamba injini ikathima, poti mvuu ndi ng'ona za m'menemo mukuzidziwa. Mbuzi zimaswana, moyo ayi.

Makaniko, Nchalo:
Mayi mwanena zoona, koma akulu musathamange. "Tcha" mukumvayo ndi solenoid, kaswichi kamene kamalumikiza moto wa batire ku sitata, ndipo nthawi zambiri sitata imakhala ilibe mlandu. Yambani ndi batire. Yodzaza imawerenga mavoti 12.6. Wina atembenuze kiyi inu mukuyang'ana mita yoyezera mavoti: ikagwa kutsika pa 10, batire yatha mphamvu, ngakhale ikuyatsa babu bwinobwino.

Kenako masulani mawaya onse awiri okhuthala ochokera ku batire aja. Musangoyang'ana pamwamba. Kuno ndi kutentha kwathuku ndi chinyezi cha pamadzi, waya amadyekera m'kati mwa mphira, ukasenda umapeza ufa wobiriwira. Palani ndi sandipepa mpaka pawale, makamaka waya wakuda pomwe wagwira thupi la injini. Zikakanikabe, chotsani mapulagi muzungulize ndi manja flywheel, gudumu lachitsulo la mano lili pamwamba pa injini. Ikakana kuyenda, vuto lili m'kati mwa injini, mwina munalowa madzi, ndipo sitata yatsopano idzangopsa.

Msodzi, Chiromo:
Ine sitata sindiiwerengera n'komwe. Yanga ndi yokoka ndi chingwe, ndipo nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 inagwira ntchito usana ndi usiku popanda za batire. Yanuyo vulani chivindikiro, pa flywheel pali polowetsa mfundo ya chingwe. Kulungani, kokani, ilira. Ndalamayo mugulire mafuta.

Mayi wa geni ya nsomba, Nsanje:
Bambo, kuvula chivindikiro boti likutengedwa ndi madzi, ana ali momwemo? Flywheel ili pamtunda ikuzungulira, chitenje cha munthu chili pafupi? Chingwecho chikhale chapangozi, osati cha tsiku ndi tsiku.

Wa boti, Bangula:
Ndayesa monga mwanenera a makaniko. Batire ili pa 12.5, potembenuza kiyi sikugwa kwenikweni. Waya wakuda anali wobiriwiradi, ndadula n'kumanganso. Tsopano sitata ikulira "wiii" koma injini siikuzungulira.

Makaniko, Nchalo:
Eya, ndiye kuti sitata ndi yamoyo. Kagiya kakang'ono kapamwamba pake kamayenera kudumpha n'kuluma mano a flywheel. Kanu kagwidwa ndi dzimbiri. Tsukani kamtengo kamene kamayendapoko, mudonthezepo oyilo wopepuka pang'ono chabe. Girisi wolimba ayi, amagwira fumbi n'kukamatanso. Muonenso ngati mano ake sanaperepeseke. Ndipo sitatayo musamaikakamize kupitirira masekondi 10, muziipumitsa. Ya ku Limbeyo simukudziwa kuti mabulashi ake, timakala ta m'kati timene timatha ndi ntchito, atsala motani, mwina ndi yotopa kuposa yanu.

Wa boti, Bangula:
Takhuta, akulu! Kagiya kadumpha, injini yalira kanayi konse pa doko. Koma mano awiri ndi odyeka ndithu, ndawakhudza ndi chala. Kagiyako kamagulitsidwa pakokha?

Makaniko, Nchalo:
Kamapezeka. Jambulani nambala ya injini ili pa chitsulo chomangira ku boti, muwerengenso mano ake musanatume munthu ku Limbe.

Mayi wa geni ya nsomba, Nsanje:
Kasanabwere kagiyako, chonde nkhafi ziwiri ndi chingwe zisachoke m'botimo. Loweruka ndikwera nawo ndi madengu anga.