Magitala awiri a Stratocaster akukana kufanana mawu

Phiri, Mbare: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Gulu lathu loimba sungura (mtundu wa nyimbo za ku Zimbabwe) lili ndi magitala awiri a Fender Stratocaster opangidwa ku Mexico, ina ndi Standard ya 2012 ndipo ina ndi Player ya 2019. Nsambo ya Player ikaduka pakati pa nyimbo, mnyamata wa lead n'kunyamula Standard, mawu a pickup (kachipangizo ka maginito kotola mawu a nsambo) ya ku bridge (pamene nsambo zimamangiriridwa pa thupi la gitala) amabaya m'makutu mpaka ovina amacheuka. Kodi ndigule mapickup atsopano?

Mwale, Highfield: A Phiri, musathamangire kuwononga ndalama. N'zoona kuti mapickup ake ndi osiyana, chifukwa a Standard ali ndi maginito a ceramic pomwe Player, imene inalowa m'malo mwa Standard mu 2018, ili ndi a Alnico V, koma ine ndikuona kuti vuto lanu lagona pa mawaya. Pa Standard, batani loyamba la tone (lochepetsa kuthwa kwa mawu) limagwira pickup ya ku khosi, lachiwiri limagwira yapakati, ndipo ya ku bridge imangotuluka yopanda chochepetsa kuthwa kwake. Pa Player batani lachiwiri anaipatsa ya ku bridge. Tsegulani pickguard (chivindikiro cha pulasitiki cha pamwamba pa gitala), mulumikize kawaya kakafupi pa switch yosankhira mapickup kuchokera pamene pali tone yapakati kufika pa malo a bridge, ndipo ndi ntchito yosakwana ola limodzi kwa munthu wodziwa kuwotcherera.

Banda, Mufakose: Ndikugwirizana ndi a Mwale, koma muyambe mwayeza kutalika kwa pickup. Dinani nsambo pa fret (kachitsulo kopingasa ka pa khosi la gitala) yomaliza, muone mpata wa pakati pa nsamboyo ndi maginito. Ukhale pafupifupi mamilimita 2. Ya ceramic ndi yamphamvu kale, choncho ikayandikira kwambiri imachita kukuwa. Mukumbukirenso kuti Standard ili ndi mafret 21 pomwe Player ili ndi 22, zimene mnyamata wokonda kukwera m'mwamba ayenera kuzolowera, pakuti palibe kawaya kangakonze zimenezo.

Phiri, Mbare: Ndachita zonse ziwiri dzulo madzulo. Pickup ija inali itatsala pang'ono kukhudza nsambo, ndipo nditaitsitsa n'kulumikiza kawayako, tone ikakhala pa 7 mawu akuyandikira kwambiri a Player, ngakhale kuti Standard ikadali yonenepa pang'ono pakati. Chatsala ndi kung'ung'udza kumene kumamveka tikalumikiza pa jenereta magetsi akazima.

Mwale, Highfield: Zimenezo muyambe mwaona waya wa earth wa jeneretayo. Pa gitala, ikani switch pa 2 kapena pa 4 (pamene mapickup awiri amagwira limodzi), mutiuze ngati phokosolo likuchepa.