Zija ndinafunsa za tintchentche ta mukhitchini, ndapeza chomwe chinali

Sabata yatha ndinafunsa za tintchentche tating'ono tomwe tadzadza m'nyumba mwathu, ine ndimkaona ngati ndi ana a ntchentche wamba koma ayi ndithu, ntchentche ikatuluka m'chikwa chake sikulanso, yaing'ono imakhala yaing'ono basi. Nditayang'anitsitsa ndaona kuti tilipo mitundu iwiri. Ta mukhitchini ndi tofiirira, maso ofiira, timaunjikana pa nthochi ndi matimati opsetsa, ndiye pansi pa dengu panali mango awiri owola omwe palibe anawaona. Timeneti timaikira mazira pachipatsopo ndipo kukamatentha chonchi pamangotenga masiku 8 mpaka 10 kuti dzira lisanduke ntchentche, nchifukwa chake kupopera Doom sikumathandiza, mawa lake tabweranso tina. Mangowo ndinakwirira, bini ndatsuka.

Ta kubafa ndi tina, takuda, mapiko aubweya ngati kagulugufe, timangokhala phee pakhoma ndipo sitiuluka patali. Timaswana mu ndere za mupaipi ya sinki. Ndapala ndi bulashi nkuthira madzi otentha masiku atatu, lero m'mawa ndangoonako tiwiri tokha. Zikomo amayi amene munandiuza kuti ndiyambe ndaona maso a tintchentcheto.